Khobidi Lalimuna

Chaka chimene anthu anapenga ndi ndalama zakale, ine ndinali ndi kanyumba kogulitsiramo zakudya pafupi ndi boda, paja mathiraki amandandalika podikira mapepala. Ndinkaphika mpunga, nyama yambuzi ndi tiyi, ndipo ambiri odya anali madalaivala ndi osintha ndalama. Nkhani zonse za m'misewu zinkafikira pamabenchi anga. Pomwepo ndi pamene ndinayamba kumva kuti kuli anthu amene akugula simbi zamakala zakale, zija zokhala ndi tambala pamwamba, komanso mapeni oboola pakati, matiki ndi mashereni a nthawi ya atsamunda. Aliyense ankati mnzake wa mnzake analemera nazo. Wolemerayo ine sindinamuonepo.

Kwathu ndi kwa Dambe. Bambo anali atamwalira kale, kumudzi kunatsala amayi ndi achimwene anga aakulu, amene anatenga mkazi chitengwa n'kumalima chimanga ndi mtedza pamunda wa amayi. Bambo pa unyamata wawo anali khukhi wa wansembe wina wachizungu. Pamene wansembeyo ankabwerera kwawo atakalamba, anawasiyira jekete lakuda ndi kakhobidi kamodzi. Jeketelo bambo ankavala Lamulungu lililonse. Khobidilo amayi analiponya m'chitini cha mabatani, ndipo ife tili ana tinkalitulutsa n'kumaseweretsa. Linali laling'ono ngati chikhadabo cha chala chamanthu, lakuda mobiriwira, m'mbali mwake mosalingana ngati modyedwa ndi mbewa. Mbali imodzi inali ndi mutu wa munthu wamphuno yaitali atamanga kalamba kumutu. Mbali inayo inali ndi tianthu tiwiri titaima ndi mikondo. Palibe amene ankaliwerengera.

Tsiku lina anthu atamaliza kukumba mtedza, achimwene anatulukira kuntchito kwanga panjinga, fumbi lili mbuu m'miyendo. Anadikira kuti odya achepe, kenako anamasula kansanza kamene anakamangirira m'kati mwa malaya.

"Achemwali, inu mumacheza ndi anthu oyenda. Tafunsani ngati ichi chili ndi mtengo."

"Amayi akudziwa kuti mwalitenga?"

"Amayi akudziwa mabatani awo. Onse alipo."

Ndinaona kuti analikwecha ndi phulusa ndi mandimu, moti mphuno ya munthu uja inkanyezimira mofiirira. Panali dalaivala wina amene ankadya kwa ine nthawi zonse akamapita ku Lusaka, bambo wodekha, wokonda tiyi wopanda shuga. Tinamuonetsa. Analitembenuzatembenuza, n'kunena kuti iye sadziwa za zimenezi, koma alijambula pafoni atumizire anzake. Analijambula mbali zonse ziwiri litaikidwa pambale yanga yoyera. Atachoka, ine ndinaiwala.

Pasanapite nthawi kunabwera galimoto yoyera yamagalasi akuda. Inaima patali pang'ono, pansi pa mtengo wa mango, ndipo kwa kanthawi simunatuluke munthu. Kenako munatuluka amuna awiri. Wina anali wamtali, wovala suti ngakhale kunkatentha, wolankhula Chinyanja cha ku Zambia. Winayo anali wamfupi, wonenepa khosi, ndipo sanalankhule mawu ndi amodzi omwe kuyambira pofika mpaka pochoka. Anaitanitsa mpunga mbale ziwiri koma sanaukhudze.

"Ndimwe amai a kwa Dambe?" anafunsa wamtaliyo.

Pabodapo anthu ankangondidziwa kuti ndine mayi wampunga, za kwathu sindinkauza aliyense. Anatchula ndi dzina la mudzi wathu lomwe, n'kunena kuti akufuna kuona khobidi lija. Ndinawaimbira achimwene, omwe anabwera pakabaza wanjinga yamoto, chinthu chimene sanachitepo chifukwa chodandaula mtengo.

Wamfupi uja anavala magolovesi akuda. Anatulutsa singano n'kuiika patebulo, n'kutenga khobidi lija pakati pa zala ziwiri, n'kumalisendeza pang'onopang'ono. Singano ija inanjenjemera, kenako inakwawa yokha patebulo mpaka kukamata chala chake. Achimwene anagwira pakamwa. Ineyo ndinadzilemba chizindikiro cha mtanda osadziwa.

"Manje mvetsetsani," anatero wamtali uja motsitsa mawu. "Ili ni la Aroma, la Kaisara weniweni. Koma ni lalimuna. Likakhala lokha mphamvu yake ni yochepa. Azungu aja sankayenda na limodzi, ankayenda na awiri, lalimuna na lalikazi. Mukapeza lalikazi lake, bwana wathu azakugulirani thiraki, azakumangirani nyumba ya malata, na chenji chizatsala."

"Tili nalo limodzi lokhali," ndinatero.

"Anakupatsani ndani?"

"Linali la bambo athu."

"Ali kuti atate anu?"

"Anatisiya."

Anagwedeza mutu ngati wachisoni. Kenako anafunsa mwaulemu kwambiri, ngati munthu wofunsa njira ya kumsika, "Anagona kuti?"

Achimwene ndi amene anayankha, kuti kumudzi konko. Amuna aja anabweza khobidi lija, anasiya nambala ya foni, analipira mpunga umene sanadye, n'kumapita. Mpungawo sindinaugulitsenso kwa munthu wina. Ndinakautayira agalu.

Kuyambira tsiku limenelo achimwene anasintha. Anayamba ndi kukhuthula chitini cha mabatani, kenako masutikesi a amayi, kenako denga la nkhokwe. Atalephera, anatenga khasu n'kupita pabwinja la nyumba yakale ya bambo, imene inagwa ndi mvula zaka zapitazo, n'kuyamba kukumba pansi ponse. Alamu anga ankandiimbira foni akudandaula kuti mtedza uli pabwalo osaswa, munthu ali kalikiliki kusefa dothi ndi lichero. Amuna aja ankawaimbira achimwene pafupipafupi. Nthawi ina anati pakufunika mankhwala ochokera kunja otsukira khobidi kuti bwana wawo alivomere, achimwene n'kugulitsa matumba a mtedza osauza munthu, ndalama n'kutumiza pafoni. Mankhwalawo sanafike.

Nditapita kumudzi Loweruka lina, ndinapeza amayi atakhala pakhonde akusankha nyemba, achimwene atanjuta pafupi nawo ngati mwana wopempha.

"Amayi, takumbukirani bwino. Bambo sananenepo kuti analandira awiri?"

"Ndakuuza, mwanawe, ine ndinaona limodzi."

"Nanga m'jekete muja?"

"Jekete anapita nalo mwini wake. Sunaliko kodi pamene tinkawaveka?"

"M'matumba munapisamo?"

Amayi anasiya kusankha nyemba. Anawayang'ana achimwene nthawi yaitali.

"Ndani amapisa m'thumba la maliro?"

Anangonena zomwezo basi. Koma alamu anga anali pafupi akutsuka mbale, ndipo mawa lake mawuwo anafika kumjigo atasintha. Pofika madzulo mudzi wonse unkadziwa kuti amayi avomera kuti khobidi lalikazi lili m'thumba la jekete, m'manda.

Ndinabwerera kuboda khobidi lija nditalilanda kwa achimwene ponamizira kuti ndikukalisunga pabwino. Mayi wina wa mu mphakati wathu wa kutchalitchi anandiuza kuti kumishoni ya Guilleme kuli wansembe wokalamba, Mmalawi mnzathu, amene anaphunzira ku Roma ali mnyamata ndipo tsopano akungopumula. Ndinatseka ntchito tsiku lina m'mawa n'kupita.

Ndinawapeza atakhala pampando wansungwi akuothera dzuwa, miyendo yotupa ataiika pakampando kena. Nditapereka moni ndi kufotokoza, anatuma kuti awatengere galasi lawo lokulitsira zilembo. Analiyang'ana khobidi lija mosafulumira, akulipendeketsa kudzuwa.

"Anakwecha ndani?"

"Achimwene anga, abambo."

"Alakwitsa. Kubiriwira kuja ndi chovala chake. Odziwa zimenezi amayang'ana chimenecho poyamba, chifukwa ndi chimene chimaonetsa kuti chinthu chagona m'dothi nthawi yaitali. Koma musadandaule, sanawononge chuma chambiri."

Anandionetsa zilembo zozungulira mutu uja, zina zitafufutika. Anati ndi Chilatini, dzina la mfumu ndi maudindo ake, ndipo kalamba ka kumutuko ndi chisoti chaufumu cha nthawi imeneyo. Tianthu tiwiri tija anati ndi asilikali, ndipo chimene chinaima pakati pawo ndi mbendera ya nkhondo. Pansi pa mapazi awo panali tizilembo tina ting'onoting'ono timene ine sindinationepo chibadwire. Anati timeneto timanena mzinda umene khobidilo linasulidwa.

"Ndiye kuti ndi la Aroma zoona?"

"Mmene ndikuonera ine, ndi lenileni. Labodza limakhala losalala mofanana ponseponse, ndipo m'mbali mwake mumaoneka msoko wa chikombole. Ili lapita m'manja mwa anthu ambiri, onani mmene tsaya laperesekera. Ndi lakale kwambiri, zaka zoposa chikwi ndi theka. Anthu amene analigwira ankagulira buledi ndi mafuta."

"Nanga mtengo wake?"

Anaseka pang'ono, koma ataona nkhope yanga analeka.

"Mwana wanga, kukalamba si mtengo. Mtengo umabwera chinthu chikakhala chosowa, kapena chagolide, kapena chosaperepeseka n'komwe. Awa ndi amkuwa, ankasula ambirimbiri olipirira asilikali. Kumaiko kuja alimi amawafukula ndi pulawo mpaka lero. Ine ndinawaonapo atawathira m'mbale pamsika ngati mtedza, munthu n'kumasankha. Ili mukanaligulitsa bwino, mwina mukanagula nkhuku imodzi."

Ndinawauza za singano. Anatuma mtsikana wogwira ntchito kuti abweretse singano, n'kundiuza kuti ndiyese ndekha. Ndinasendeza khobidi lija mpaka kugunda singano. Sinasunthe.

"Mkuwa sukoka chitsulo," anatero. "Chimene chinakoka chinali m'golovesi. Ndipo ndalama ilibe mwamuna kapena mkazi." Kenako anafunsa, "Anthu amenewa anakufunsani chiyani china?"

"Anafunsa kumene bambo anagona."

Nkhope yawo inagwa. Anandibwezera khobidi lija n'kupinda zala zanga pamwamba pake.

"Pitani kumudzi lero lomwe, musadikire mawa. Kauzeni aliyense zimene mwamva kuno."

Ndinapitadi, ndipo ndinauza aliyense. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti pali mawu ena oona amene munthu ukamawanena mokweza, anthu amakukayikira kwambiri. Achimwene anati wansembeyo akulifuna yekha, n'chifukwa chake akulinyoza. Anati azungu sakanasunga chinthu cha mtengo wa nkhuku n'kuwoloka nacho nyanja. Azimayi kumjigo anati ine ndagulitsa kale lalimuna lija ndipo ndikubisa kuti ndisagawireko abale. Wina anati anandiona ndikufunsa mtengo wa malata kuboma. Msuweni wanga amene sitinkalankhulana anabwera kudzandipatsa moni wogwada.

Kubodanso zinthu zinasintha. Pamabenchi anga panayamba kukhala anthu achilendo amene ankaitanitsa tiyi mmodzi n'kukhala mpaka dzuwa kupendeka, maso ali pachitseko cha kuchipinda kumene ndinkasunga ziwiya. Tsiku lina pochokera kumsika ndinapeza loko ali bwinobwino, koma m'kati thumba la mpunga litakhuthulidwa pansi, matiresi atang'ambidwa. Sanabe kanthu, ngakhale wailesi. Khobidilo linali pathupi panga, nditalimangirira kunsonga ya chitenje. Dalaivala uja wa tiyi wopanda shuga nditamufunsa kuti chithunzi chija anatumizira ndani, anati anangochiponya pagulu la madalaivala, ndipo sakudziwa kumene chinakafika. Anapepesa, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kudya kwina.

Kenako anthu anayamba kuiona galimoto yoyera ija kumudzi. Sinkafika pakhomo. Inkaima panjira yopita kudambo, pamene msitu wa kumanda umayambira, n'kukhala pamenepo magalasi ali otseka, kenako n'kubwerera. Amayi anasiya kudya bwino. Ankati akagona amalota bambo akuwafunsa chifukwa chimene atsegulira chitseko kunja kukuzizira. Ndinawapempha kuti abwere kudzakhala nane, anakana.

"Ndikachoka ine, atsala ndi ndani bambo ako?"

Foni inalira m'mawa wina ndikukoleza mbaula. Anali alamu anga, ndipo sankatha kulankhula. Ndinangomva kuti, "Bwerani, kumanda," foni n'kuduka.

Woyamba kuona anali bambo wina amene ankadutsa ndi ng'ombe zake m'mphepete mwa msituwo n'kuona dothi lofiira pamene sipanagone maliro atsopano. Nditafika ndinapeza mudzi wonse utaima kunja kwa msitu. Adzukulu okha, aja amene amakumba manda ndi kuika maliro, ndi amene analowa, ndipo anatiletsa ife abale kuyandikira. Mtanda wa bambo unali utazulidwa n'kutsamiritsidwa bwinobwino pamtengo. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero, kuti munthuyo anali ndi ulemu wosamala mtanda.

Mkulu wa adzukulu anatuluka patapita nthawi, n'kukhala pansi patsogolo pa amayi. Anati bokosi linali litawola kale, ndipo okumbawo anafika mpaka pansi. Mafupa sanatengepo. Zimene zinatsala za jekete anazitulutsa n'kuzing'amba, n'kuzisiya pamwamba pa dothi.

Amayi sanalire. Anafunsa kuti, "Mutu wawo uli pamalo pake?"

"Tawukonza, amayi."

Achimwene anali ataima payekha kumbuyo kwa anthu. Maso onse ankapita kwa iwo n'kubwerera. Ine ndinayang'ana manja awo. Anali ndi matuza, zikhadabo zodzaza dothi, koma munthuyo anali atakumba pabwinja kwa milungu yambiri, ndiye manjawo sakanandiuza kanthu. Atafunsidwa pamaso pa akuluakulu, analumbira akulira kuti iwo sangachite zimenezo kwa bambo wowabereka. Alamu anati amuna awo anagona m'nyumba. Ena anati ndi anthu a galimoto aja. Ena anati ndi anyamata a mudzi woyandikana nawo amene anamva mphekesera. Apolisi anabwera, analemba, anapita. Nambala ya amuna aja inali itasiya kugwira, ndipo galimotoyo sinaonekenso.

Tinawaikanso bambo tsiku lomwelo, ndi nsalu yatsopano ndi mapemphero. Titabwerera pakhomo, anthu atakhala pabwalo monga mwa mwambo, amayi anandiitana n'kutambasula dzanja. Ndinadziwa chimene ankafuna. Ndinamasula nsonga ya chitenje n'kuwapatsa. Anaimirira movutika, anayenda mpaka pakati pa bwalo, n'kuliika khobidi lija pamphasa poyera.

"Nali," anatero. "Amene akulifuna atenge. Pakhomo pano palibenso china. Amuna anga muwasiye agone."

Palibe anasuntha. Anthu anaweramitsa mitu, ena anayamba nyimbo. Khobidi lija linakhala pamphasapo masana onse, ana akulilambalala ngati njoka. Koma anthu atabalalika, alamu akukapinda mphasa, panalibe. Tonse tinali pomwepo, ndipo palibe anaona dzanja limene linatola.

Mvula isanagwe, achimwene anawoloka malire kukagwira ganyu m'mafamu a fodya kupitirira Chipata. Anati akukabweza mtedza umene anagulitsa. Poyamba ankaimba, kenako anayamba kutumiza moni kudzera mwa anthu. Alamu anabwerera kwawo ndi ana. Ine sindinawafunsenso achimwene za manda aja, ndipo iwo sanayambitsepo nkhaniyo. Pali masiku amene ndimakhulupirira kulumbira kwawo ndi mtima wonse. Pali masiku ena amene ndimakumbukira mtanda wotsamiritsidwa bwino uja, n'kudzifunsa kuti mlendo akanausamaliranji.

Amayi anavomera kubwera kuboda titathira simenti pamanda a bambo. Anakhala nane mvula ziwiri. Ankakhala pakhomo la kukhitchini akusenda anyezi, ndipo galimoto iliyonse yoyera ikaima, ankasiya mpeni n'kuyang'anitsitsa mpaka atatuluka munthu. Atadwala matenda awo omaliza, anandiitana n'kundiuza kuti ndidzawaveke diresi yopanda matumba, ndipo ndisadzaike kanthu kalikonse m'bokosi, ngakhale kolona yawo yopempherera.

Tinachita monga ananenera. Tsiku la maliro awo, bokosi lisanatsekedwe, mkulu wa adzukulu anaitana anthu a m'mudzi ndi alendo omwe kuti ayandikire. Anatambasula manja a amayi onse awiri kuti aliyense aone kuti alibe kanthu, n'kukutumula nsalu yofundika mbali zonse ziwiri. Ndinamva kuti masiku ano kwathu amachita zimenezi pamaliro alionse. Anthu anadutsa mmodzimmodzi akuyang'ana, ndipo ndinaona kuti ambiri sankayang'ana nkhope.